Mkango wa Makatoni pa Denga la ku Doha

Ndikukumbukira fungo la guluu ndi malalanje lomwe linadzaza nyumba yathu ku Al Doha Al Jadeeda m'nthawi ya korona. Ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi zitatu. Tinachoka kwathu ku Ntcheu kutsatira bambo, amene ankaphika pa hotela ina ku The Pearl, ndipo chaka chimenecho sukulu tinkaphunzirira pa foni.

Khomo loyang'anizana ndi lathu linali la Anti Lin, mayi wa ku China amene ankasoka makatani m'kashopu kapansi. Chaka chilichonse ankapita kwawo kukakondwerera Chaka Chatsopano cha Chitchaina ndi mwana wawo, koma ulendo uno ndege zinavuta. Amayi anawapeza atangokhala, mapepala ofiira omata pakhomo ali mbwee pansi. Anti Lin ankati phwando la munthu mmodzi si phwando, komanso ngakhale gule wa mkango amene ankachitika m'mahotela anali ataimitsidwa.

Ine ndi mlongo wanga Dalitso tinaonera guleyo pa foni mpaka tinamuloweza. Tinatola makatoni kuseri kwa golosale n'kupanga mutu, ubweya wake wa mopu, maso a mbale zapepala. Thupi linali chitenje chofiira cha amayi. Bambo atauona anaseka, amvekere chilombo chotere kwathu chimatuluka ku dambwe. Koma amayi sanaseke.

"Mwambo wa eni saseweretsa, mwanawe. Pita ukawaonetse kaye. Akakana, basi."

Ndinagogoda pakhomo pawo ndikuopa kuti aona ngati tikuwanyoza. Anti Lin anauyang'anitsitsa mutuwo. Kenaka anati ulibe nyanga, ulibenso kagalasi pachipumi kothamangitsira tsoka. Anandilowetsa m'nyumba, natulutsa sizasi ndi zidutswa za nsalu zonyezimira. Masiku otsatirawa anandiphunzitsa kuponda ngati mphaka, kugwedeza mutu ngati wadzidzimuka, ndi kuwerama katatu pamaso pa akulu. Ndikalakwitsa ankandimenya pang'ono pabondo ndi rula.

Tsikulo litafika tinakwera padenga la konkire, pakati pa matanki a madzi, aliyense atavala masiki, mabanja ataima motalikirana. Tinamanga nyali zapepala pa chingwe choyanikira zovala. Anti Lin anabweretsa timabanzi tanyama tophika pa nthunzi, totentha moti tinkatiponya dzanja ili ndi ili. Amalume anga a Ganizani, amene ankagwira ntchito ya ulonda, anabwera ndi ndowa yapulasitiki yoti ikhale ng'oma. Lamulo latsopano linali litawalola kusintha kampani popanda kupempha bwana wakale, ndipo aka kanali koyamba kukhala ndi Lachisanu lawolawo, lomwe ndi tsiku lopuma kumeneko.

Tisanayambe, Anti Lin anaviika kaburashi mu utoto wofiira n'kudontheza m'maso mwa mkangowo. Anati tsopano wadzuka.

"Yala, tiyeni," anatero amalume mosakaniza ndi chiyankhulo cha kumeneko, ndowa ija n'kuyamba kulira.

Mkati mwa katoni munali mdima ndi thukuta, ndipo ndinkangoonera pakamwa. Dalitso, amene anali kumchira, ankandiponda zidendene. Ng'oma ya amalume inayamba mwa Chitchaina koma posakhalitsa inakhotera ku ngoma ya kwathu, ndipo mkango nawo unayamba kuponda mwa Chingoni. Ndinalumpha n'kukwatula letesi amene anapachikidwa pa ndodo ya tsache, ndinamung'ambang'amba n'kumulavulira anthu monga anandiphunzitsira, kuti mwayi uwagwere onse. Banja la ku Kerala ndi anyamata a ku Nepal a m'chipinda chapansi anaomba m'manja.

Nditawerama kachitatu ndinaona Anti Lin atakweza foni, mwana wawo ali pa vidiyo ku China akuseka. Masiki ya Anti Lin inali itanyowa ndi misozi. Anandigwira paphewa n'kuuza mwana wawoyo mawu amene pambuyo pake anandimasulira: uyu ndi wophunzira wanga.

Ndege zitayambanso kuuluka anabwerera kwawo, ndipo pakhomo paja pano pamakhala anthu amene sindidziwa ndi maina omwe. Masiku ano chikondwererochi chimachitikira m'mashopu akuluakulu, mikango yake yasilika, ovina ake akatswiri oyenda pamwamba pa mitengo yachitsulo, anthu n'kumangojambula osadziwana. Ndimapita, ndimaombera nawo m'manja. Koma wina akandifunsa ngati ndikumvetsa zimene zikuchitika, ndimamuuza kuti chaka chimene mikango yonseyi inagona, m'dera lathu munavina umodzi, ndipo miyendo yake inayi inali ya ku Ntcheu.