Mphuno ya a Engkus ndi Ndere Zawo

A Engkus sankapereka moni asananunkhize dzanja la munthu. Ukafika pakhomo pawo ku Lembang n'kutambasula dzanja, iwo ankaligwira pamkono, n'kulifikitsa pamphuno, kuseri ndi kuchikhatho komwe. Anachita zimenezi kwa imamu wa mzikiti wathu, kwa mkamwini wawo tsiku lodzafunsira mbeta, ndi kwa ine zaka makumi atatu.

Anali telala. Kuseri kwa makina awo osokera kunali thanki yagalasi yotalika ngati benchi, ndipo m'madzimo munali chitsa chovekedwa ndere. Nderezo anakazitola mumtsinje wozizira wa kwawo atangokwatira kumene. Ankaziyala mopyapyala pamtengo n'kuzikulunga ndi ulusi wathonje, womwewo wosokera malaya. Pomwe ulusi unkaola, ndere zinkakhala zitagwira kale zokha. M'katimo munkayenda tinkhanu tofiira, tating'ono ngati njere ya mpunga, totola zinyalala kuti ndere zikhale zoyera. Kasopo pang'ono kapena mafuta odzola zinkatha kupha tonse tsiku limodzi.

Ine ndine Oding, wa nyumba yoyandikana nawo. Ndinali mlonda wa pasukulu, ndipo anthu ankati ndine munthu wosamala. Chaka china a Engkus anapita ku ukwati ku Garut, n'kundisiyira kiyi.

"Achimwene, kuyatsa getsi m'mawa, kuzimitsa madzulo. Basi. Manja m'thumba."

Tsiku lachiwiri ndinaona kachidutswa ka ndere kataduka, kakuyandama. Ndinakayang'ana ola lathunthu. Kenako ndinapinda malaya n'kukabwezera pachitsa bwinobwino, ndi zala zomwe zinali zitangopaka mankhwala a nyamakazi m'mawondo mwanga. Ndinabwerera kwathu ndikudzitama mumtima.

Pobwera anapeza tinkhanu tonse tili chagada pansi. Posowa totsuka, ndere zinakutidwa ndi zoterera ndipo theka zinafa. Sanandikalipire. Ananunkhiza madzi, kenako dzanja langa, nati, "Mawondo apola?" M'mawa mwake ndinapeza mpando wanga wachotsedwa pafupi ndi thanki, wasunthidwira pakhomo.

Ndinamwera khofi pakhomopo zaka khumi ndi zinayi. Ankandinunkhizabe tsiku lililonse, ngakhale thanki inali kutali nane masitepe asanu ndi limodzi. Ndinawaonerera akubzalanso, akumeta, akuyamwa madzi akale ndi kapaipi. Ndinadziwa ntchito yonse, monga galu wa pabutchala adziwira nyama.

Chaka chatha a Engkus anafa ziwalo mbali ya kumanja. Ndere zikapanda kumetedwa zimakhuthala. Zapansi zimasowa kuwala n'kuola, kenako chonsecho chimamatuka pamtengo ngati chipewa. Ndili pampando wanga ndinkaona kuti m'mphepete mwayamba kutukuka. Mwana wawo Euis amagwira ntchito yokonza tsitsi, manja ake mankhwala okhaokha. Mkamwini ndi makaniko. A Engkus ankangokhala pafupi ndi galasi, lumo lili pathebulo.

Sindinauze munthu zomwe ndinkalinga. Ndinasiya kupaka mankhwala, ndinasiya fodya, ndipo sabata yathunthu ndinkasamba madzi okha. Mawondo anakana kupinda, moti kumzikiti ndinkapemphera nditakhala pampando.

"Zonsezi chifukwa cha udzu wa m'madzi?" anandifunsa akazi anga. "Ine chikwatiwireni simunandisiyireko fodya ngakhale tsiku limodzi."

Loweruka m'mawa ndinalowa, n'kupitirira mpando wanga. Aka kanali komaliza kuwaona akuchita chizolowezi chawo, chifukwa patangotha masiku ochepa anawatengera kuchipatala ku Bandung ndipo sanabwereko.

"Euis, tabwera udzaone," anatero, mawu akutuluka mokoka. "Chigawenga chija chabwera kudzamaliza otsala."

"Abambo, asiyeni a Oding," anayankha Euis ali kukhitchini.

"Mankhwala ndasiya," ndinatero.

"N'chifukwa chake mukuyenda ngati bakha?"

Ndinatambasula dzanja. Analigwira ndi lawo la kumanzere, n'kulikokera pamphuno. Anayamba kuseri, kenako kuchikhatho, kenako chala chimodzichimodzi. Anakweza malaya anga mpaka pachigongono n'kununkhizanso. Thukuta linandituluka ngati mwana wa sukulu poonetsa zikhadabo.

"Anyezi."

"Wa dzulo."

"Anyezi sapha."

Analoza lumo ndi chibwano. "Muziyamba kumwamba. Pang'onopang'ono, achimwene, si kapinga wa pasukulu panu. Zometedwazo muziziyamwa ndi paipi zisanakhazikike pansi, apo ayi zimera paliponse."

"Ndikudziwa."

"Mukudziwa? Tsiku lija munkadziwanso."

Ndinatola lumo n'kuyandikira thanki. Ndisanakhudze madzi, anandikoka malaya kumbuyo.

"Linalo," anatero. "Bweretsani dzanja linalo."