Dzenje lakuda la a Margret

Kwa zaka zisanu ndi ziwiri a Margret Mvula anaphunzitsa Giredi 5 pa sukulu yomangidwa ndi makolo, kumudzi kwina ku Vubwi. Sankalandira malipiro. M'mawa ankasesa, kutunga madzi a phala la ana, kenaka n'kugwira choko.

Mlongo wawo wa ku Katete atawatumizira kabuku ka zakuthambo, anakawerenga kawiri. Munali nkhani ya dzenje lakuda: nyenyezi yaikulu ikatha mphamvu imakhwinyata, n'kuyamba kukoka chilichonse choyandikira, ngakhale kuwala.

Lachitatu lina anabwera m'kalasi ndi chitenje chakuda, chomwe amapita nacho kumaliro. Analibe china chakuda. Ana anachigwira m'mphepete n'kuchikunga, iwo anaika mwala pakati, n'kugubuduza nzama. Nzamazo zinazungulira, n'kugwera pamwala. Ana anakuwa mokondwa.

"Chalowa umu sichituluka," anatero a Margret.

Nelly, mtsikana amene mayi ake anaikidwa m'manda mwezi wathawo, anachizindikira chitenjecho. Anasiya kugwira.

"Madamu, amama ali mmenemo?"

"Ayi mwanawe, izi n'zakutali, kuseri kwa nyenyezi."

Mawa lake Nelly sanabwere kusukulu. Pofika Lolemba ana makumi awiri anali atatsala kunyumba, ndipo padibi la ng'ombe anthu ankanena kuti a Margret akulowetsa ana za Satana.

Komiti ya sukulu inakhala pansi pa mtengo wa mango. A Margret anabweretsa kabukuko, koma zithunzi zake zinali zakuda bii, ndipo palibe anafuna kukagwira.

"Inu amai," anatero a Yotam, wapampando, "nsalu ya maliro m'kalasi? Dzenje limeneli munaliona ndinu?"

"Sindinalione. Silioneka."

"Mwamva? Silioneka!"

Ena anaseka. A hedi, omwe ankadziwa kuti nkhaniyo ndi sayansi chabe, anangoti makolo ndiwo eni sukulu.

Anagwirizana kuti a Margret asiye choko. Koma phala apitirize, anatero a Yotam, poti palibe wina angadzuke m'mawa chotero. Palibe anafunsa amene adzaphunzitse Giredi 5.

Mpaka pano a Margret amabwerabe. Khitchini ili kuseri kwa kalasi yawo yakale, ndipo akamatakasa phala amamva ana akuwerengetsana okha. Nelly anabwerera, ndipo ndiye amaima kutsogolo. Tsiku lina anauza anzake kuti dzuwa limazungulira dziko. A Margret anaika mthiko pansi, nafika mpaka pawindo. Ataona a Yotam akukhoma denga la chimbudzi chapafupi, anabwerera kukasonkheza moto.