Matiresi amene ndinang'amba ku Nangongwe

Chaka chimene salaula, zovala za kaunjika, inadzaza msika wa Kafue, fakitale ya nsalu inayamba kuchotsa anthu ntchito. Tinkati kupuluna, ngati akunena mitengo. Amuna anga anawapuluna m'gulu loyamba, ndipo tinachoka m'nyumba za fakitale ku Esiteti kukakhala m'kanyumba ka lendi ku Nangongwe.

Munthu amene ankakonza makina oluka nsalu, woyenda ndi sipanala m'thumba ngakhale popita ku tchalitchi, anangofika n'kugona. Sankadwala ayi, ankaopa maso a anthu. Nshima ndinkawapititsira kuchipinda. Ana akafunsa ndinkati atate ali ndi malungo, koma malungowo anatha nyengo yonse yozizira. Mnzawo wina wa kuntchito anagona chimodzimodzi, ndipo anatuluka m'nyumba ali m'bokosi. Ine mantha anga anali amenewo.

Ankagonera matiresi a ukwati wathu. Anatigulira ndi azakhali anga m'sitolo ya amwenye ku Chipata, ndipo anabwera ku Kafue atamangidwa pamwamba pa basi. M'kati simunali siponji, munali ulusi wa makoko a kokonati, wofiirira, wobaya msana. Mtengo wa kokonatiwo sindinauonepo mpaka lero, koma ana anga onse ndinawayamwitsira pamenepo.

Ine ndinali nditayamba nazale ya matimati ndi repu kuseri kwa nyumba, kuti ndizigulitsa mbande kwa olima madimba kumtsinje. Koma dothi la kuno ndi makande, lopanda chisoni. Ukathirira limamata ngati phala, likauma limang'ambika. Mbande zinkamera, n'kuwola m'tsinde, n'kugwa. Tsiku lina ndikutsuka mbale, ndinaona kachibumthu ka ulusi uja, kamene ndinasesa kuchipinda chifukwa matiresiwo anali atabooka pakona. Kanali pamene ndinkatayira madzi, ndipo njere za matimati zinali zitamera m'katimo, zili njo, mizu yoyera bwino.

Ndinalowa m'nyumba mpeni uli m'manja.

“Abambo, sunthani.”

“Mwayamba misala, amake mwana?”

“Misala ndayamba kale. Sunthani.”

Atakana ndinakoka matiresiwo nawo pamodzi mpaka anatsetserekera pansi. Ndinali ndi mphamvu masiku amenewo, musandione lero. Ndinakokera matiresi pabwalo n'kuwatumbula ngati nkhuku. Mtsikana wa nyumba yoyandikana, wa mapemphero a m'matenti amene anali atangofika kumene, anabwera akuthamanga. “Bamayo, musathetse banja, tiyeni tipemphere.” Kwathu zogonera za banja sizituluka panja anthu akuona, ndiye Nangongwe yense anamva kuti ukwati watha. Ndinamuuza kuti apemphere uku akundigwirira beseni.

Ulusi uja ndinauviika m'madzi, kuutsuka fumbi la zaka zonse, kuudula tizidutswa n'kuupakira m'mapaketi a mowa wa masese amene ndinkatola kutaveni. Fungo lake ndimalikumbukabe, ngati la chingwe chonyowa. Ife tinatsikira pa mphasa, ndipo simenti inkatizizira mpaka m'mafupa. Walira mvula walira matope. Abambo anasiya kundilankhula, koma pa mphasa munthu sungagone tsiku lonse. Anayamba kukhala pampando pafupi ndi zenera, katani atatseka theka.

Mbande zinamera zonse, zokongola zedi, ndipo ndinkayenda modzimva. Kenako masamba anayamba chikasu. Ndinkathirira m'mawa ndi madzulo, koma chikasu chinkangowonjezeka. Ndinakhala pansi pakati pa mapaketi aja n'kulira, chifukwa matiresi ndataya, mbande nazo zikupita.

“Mukuzipha ndi njala,” anatero mawu kuzenera. “Ulusiwo umangosunga madzi, chakudya mulibe. Viikani zitosi za nkhuku m'ndowa, musungunule kwambiri.”

Ndinapukuta misozi. Ndinakapempha zitosi kwa anansi, n'kuzivundula m'ndowa mpaka zinakhala phala lenileni. Ndinkadziwa kuti loterolo limawotcha mbewu. Ndinanyamula ndowayo n'kuima pomwe ankandiona bwino, ndi kuyamba kuipendeketsa pang'onopang'ono.

Chitseko chinatseguka. Anatuluka opanda nsapato, ndevu zili nyankhalala, maso akuphethira ndi dzuwa, n'kundilanda ndowa.

“Inu ndi manja anuwa, mungaphe ndi mwala womwe.”

Ananyoza ntchito yanga yonse tsiku limenelo: mapaketi ndaboola molakwika, mthunzi ndaika mokhota. Sindinamvepo chitonzo chokoma chotero.

Mbande zitabiriwira, ndinakonzeka kupita nazo kumsika ndekha, poti njira yake inkadutsa pamene anzawo opulunidwa ankakhala akusewera nsolo. Ndinaika nkhata pamutu. Iwo anaima pakhomo nthawi yaitali akuyang'ana msewu, kenako anakatulutsa njinga n'kumanga kireti kumbuyo.

Titafika pa nsolo paja, amuna onse anasiya kusewera. Mmodzi anaseka n'kuwapatsa moni wachipongwe. “Shani, bamakanika, mwasanduka a zamasamba?”

Ndinati basi abwerera. Abambo anaimika njinga, anakweza paketi imodzi m'mwamba kuti onse aone mizu.

“Izi zamera pa bedi langa,” anatero. “Inu pa bedi lanu pamera chiyani?”

Anamwalira patapita zaka zambiri, atakalamba, ndipo anagwera m'nazale akuthirira. Ndimawasowa kwambiri.