Masamba a Pamsewu wa ku Kasiya

Ndinadutsa pamaliro ndili pa njinga, osatsika, ndipo ndinagwetsa mayi wachikulire. Ndayamba ndi zimenezi kuti pasapezeke wondimvera chisoni msanga. Patha chaka tsopano, koma mukandifunsa kuti mutu wanga unali kuti tsiku limenelo, yankho lenileni ndilibe.

Ndine bambo wa zaka zoposa makumi anayi, ndimagwira ntchito mu ofesi ina mumzinda wa Lilongwe. Za njinga ndinaziyamba chifukwa cha mimba. Adokotala anati magazi akuthamanga kwambiri, ndipo ndikapanda kuyamba kutuluka thukuta ndidzakhala wa mapiritsi moyo wanga wonse. Mnzanga wa kuntchito ndiye anandilowetsa m'gulu la anthu opalasa njinga Loweruka lililonse. Ndinagula yanga yachikasu, ya matayala opyapyala ngati chala, yopepuka moti mutha kuinyamula ndi dzanja limodzi. Ndinagulanso chisoti, magalasi akuda, kabudula wothina uja woti malemu amayi anga akanandithamangitsa naye pakhomo, ndi nsapato zokola pa pedulo. Nsapato zimenezi phazi likakola silichoka, pokhapokha utapotoza chidendene.

Ndisaname, njinga inandikoma. Masiku ena tinkatsata msewu wa ku Mchinji, kudutsa pa Njewa ndi pa Mpingu, kukapumira ku Namitete tikudya nthochi. Masiku ena tinkalowera wa ku Kasiya, kudzera ku Nsaru. Poyamba ndinkaona zonse: zigafa za fodya, mtedza woyanikidwa m'minda, ngolo zodzaza chimanga, ana otikuwiza ngati aona zachilendo. Matenda anadza ndi foni. Anzanga anandiikira kanthu kowerenga mphindi zimene munthu watenga pa chigawo chilichonse cha msewu, n'kumasanja mayina athu kuyambira wothamanga kwambiri. Kuyambira pamenepo minda sindinkaionanso. Ngolo, akabaza, mbuzi, amayi osenza nkhuni, onse anasanduka zondichedwetsa.

Nthawi imeneyo ndinali pachibwenzi ndi mphunzitsi wina, ndimutchule kuti Lusiya. Banja langa loyamba linatha kalekale, ndipo mwa Lusiya ndinaona mwayi wanga wachiwiri, mwinanso womaliza. Kwawo ndi cha ku Nsaru. Tinali titagwirizana kuti kumapeto kwa mwezi ndikaonekere kwa amalume ake. Lachinayi lina analandira uthenga woti agogo ake aamuna atisiya. Ndinati ndimuperekeze, koma anakana.

"Simunaonekere," anatero. "Mukafika ngati ndani?"

Ndinamupatsa chipepeso, iye n'kunyamuka. Dzina la mudzi sindinafunse. M'mutu mwanga kwawo kunali kutali ndi phula, kofika ndi njira za fumbi.

Loweruka anzanga analowera ku Namitete, ine ndinapita ndekha ku Kasiya. Pamsewu umenewo pali chitsetse china pomwe dzina langa linali lachitatu, ndipo linkandisowetsa mtendere. Pobwerera, dzuwa lili pamutu, mphepo inali kumbuyo kwanga. Ndinawerama, n'kuponda ndi mphamvu zanga zonse. Ndili pakati pa chitsetsecho, ndinaona masamba ataikidwa pamsewu.

Inu owerenga, palibe wa inu amene sadziwa tanthauzo la masamba pamsewu. Mwina kutsogolo kwafa lole, mwina pamudzi pagwa maliro. Pakakhala maliro, wagalimoto amayenda pang'onopang'ono n'kuzimitsa wailesi, wachipewa amavula, wanjinga amatsika n'kumakankha. Ine ndinakulira ku Nambuma, si kuti ndine wobadwira m'tauni. Tsiku lina bambo anga anandigwetsa chipewa ndi khofi chifukwa ndinachedwa kuvula tikudutsa pasiwa. Mwambo ndinkaudziwa bwino lomwe.

Ndiye chinachitika n'chiyani? Ndinadziuza kuti ndi lole. Ndimakumbukira ndithu mawuwo akudutsa m'mutu mwanga: ndi lole imeneyo, ponda. Koma ndimakumbukiranso nyimbo ya kwaya ikumveka. Kodi ndinaimva ndisanadziuze za lole, kapena nditadziuza kale? Ndayesa kuzisanja kambirimbiri, sizisanjika.

Nditakhota pakona, msewu unali wodzaza anthu. Ankaoloka kupita kumanda. Mtanda unali utaoloka kale, bokosi lili pa mapewa a adzukulu tsidya linalo, ndipo amayi onyamula nkhata ndiwo anali pa phula. Minibasi inali itaima. Akabaza awiri anali ataima pambali, njinga m'manja, zipewa atavula. Nthawi yoti ndiime inalipo. Koma maso anga anaona kampata pakati pa amayiwo, ndipo pakamwa panga panatuluka mawu akuti, "Njira! Njira!"

Kampatako kanatsekeka. Ndinagwira mabuleki, ndinafuna kuponda pansi, phazi osachoka pa pedulo. Handulo inamenya mayi wina m'chiuno, tonse awiri n'kugwa. Nyimbo inadukira pakati.

Apa ndi pomwe ndimachita manyazi kwambiri. Nditamasula mapazi, ndinadzutsa njinga. Ndinazunguza tayala lakutsogolo kuti ndione ngati lapindika. Ndinayang'ana foni ngati yasweka. Nthawi yonseyi mayi uja anali pansi, maluwa a nkhata yake atamwazika pa phula, amayi anzake akumugwira m'khwapa. Bambo wina wachikulire, wovala jekete lomukulira, anandiyandikira.

"Achimwene," anafunsa motsitsa mawu, "kodi kwanu anthu samwalira?"

Ine, chigongono chikuchucha magazi, ndinayankha kuti msewu ndi wa boma, sangangoutseka choncho. Amuna angapo anayamba kundizungulira. Bamboyo anakweza dzanja n'kuwauza kuti andisiye, ali ndi maliro m'manja. Ndinakwera njinga n'kuthawa. Chisoti ndi magalasi sindinavule, choncho ndinadzilimbitsa mtima kuti palibe wandidziwa.

Lusiya anabwerera Lachiwiri ali zii. Ndinati ndi chisoni cha agogo. Ataona bandeji anafunsa kuti ndatani pachigongono, ine ndinati ndinagunda mbuzi.

"Mbuzi, eti?" anatero.

Pambuyo pake anandiuza kuti amayi ake anagwa tsiku la maliro ndipo chiuno chikuwavuta. Ndinati pepani. Ndinapita kukawagulira mafuta opaka, n'kumupatsa kuti awatumizire. Mundikhulupirire kapena ayi, sindinalumikize nkhani ziwirizi. Kapena ndinalumikiza, koma ndinatseka chitseko msanga? Maliro Loweruka amachitika m'midzi yambiri, ndinkadziuza choncho. Koma bwanji ndinkadziuza, ngati panalibe chimene ndinkaopa?

Tsiku lokaonekera linafika. Tinapita pa galimoto ya achimwene anga aakulu, omwe ndiwo ankandiyankhulira. Lusiya anakhala kumbuyo, akulozera njira. Tinadutsa pa Nsaru. Titayamba kukwera chitunda china, ndinazindikira kuti ndi chitsetse changa chija, tikuchidzera kumunsi. Tisanafike pakona, Lusiya anati, "Khoterani apa." Nyumba za kwawo zinali m'mphepete mwenimweni mwa msewu.

Amene anatuluka kudzatilandira anali bambo uja, jekete lake lomwelo. Ndiwo anali amalume a Lusiya. Titakhala pansi, amayi ake anatuluka akuyendera ndodo, akukoka mwendo. Anavutika kuti akhale pansi chapatali, monga achitira apongozi, ndipo anatipatsa moni mwaulemu wonse. Anathokozanso chifukwa cha mafuta opaka.

"Mwayenda bwino?" anafunsa amalume akundiyang'ana. "Lero ndiye mwabwera pa galimoto."

Kodi anandizindikira, kapena amangocheza? Anatiphera nkhuku, koma ine ndinangodya pang'ono. Achimwene anga ankanditsina kuti ndimasuke, osadziwa chimene chandigwira. Imeneyo ndiyo inali nthawi yoti ndigwade n'kunena kuti munthu wa njinga uja ndine. Mawu anafika pakhosi kawiri. Ndinawameza, poganiza kuti ngati sakudziwa, ndidziwonongerenji ndekha. Zokambirana zinatha bwino, amalume anati amva ndipo adzatiyankha.

Tisananyamuke, Lusiya anati tiyende pang'ono. Ananditengera kumsewu, n'kuima pamalo penipeni paja. Anandiuza kuti tsiku lija anali kumbuyo kwa amayi ake, mapazi atatu okha. Njinga yachikasu anaidziwa ili patali, poti ankaiona itatsamira khoma pabalaza panga. Sanauze munthu aliyense. Anadikira masabata atatu kuti ndinene ndekha, ndipo anandibweretsa kumudzi poganiza kuti mwina ndikaona ndodo ya amayi ake, pakamwa panga patseguka.

"Zoti simunatsike ndikanazimvetsa," anatero. "Munthu amasokonezeka. Koma munayamba kudzutsa njinga."

Pobwerera sanakwere nafe. Patapita sabata ziwiri, achimwene anga analandira yankho: akubanja alibe chifukwa ndi ine, koma mwini wake wakana.

Ndinabwererako ndekha pa minibasi kukapepesa. Amalume anati anandidziwa ndi mawu nditangopereka moni, ndipo tsiku lonse lija ankangondidikira. Amayi anati, "Zinatha izo, bambo." Ananena mosasunga mangawa, ndodo ili pambali pawo. Lusiya yekha sanasinthe maganizo, ndipo sindimuimba mlandu. Chimene chimandizunguza mutu n'chakuti sindinkadziona ngati munthu wouma mtima. Maliro a anzanga ndimapita, odwala ndimazonda. Nanga munthu uja wozunguza tayala mayi ali pansi anachokera kuti? Kodi ndi amene ndili weniweni, kapena anabadwa ndi foni ija? Kanthu kowerenga mphindi kaja ndinakachotsa, koma funsolo silinachoke.

Njinga ndimapalasabe, poti adokotala sanasinthe mawu. Mwezi watha, cha pa Mpingu, ndinaona masamba pamsewu. Ndinatsika, ndinavula chisoti, ndinayamba kukankha. Kutsogolo kunali lole yakufa, dalaivala atagona kunsi kwake ndi sipanala. Anasuzumira n'kufunsa ngati tayala langa laphulika. Ndinati ayi, n'kupitiriza kukankha mpaka masamba anatha.

Inu amene mwayamba kupalasa njinga m'misewu ya kumidziyi, ndikupempheni. Msewu umene kwa inu ndi wochotsera mimba, kwa eni ake ndi pakhomo, ndiponso ndi njira ya kumanda. Mukaona masamba, musayambe kukambirana ndi mtima wanu kuti ndi lole kapena maliro. Tsikani basi. Mukalakwa, nenani nokha msanga, chifukwa mwina amene akhala chete akungokupatsani mpata. Ndipo zikavuta mwagwetsa munthu, njinga isiyeni pomwe yagwerapo. Yanga sinapindike ngakhale sipoko imodzi, koma amayi a Lusiya akuyenderabe ndodo mpaka lero.