Fupa la Lachisanu

Fupa lija linkanunkha. Chinali chibwano cha mbuzi, mano ali pomwepo, chomangidwa pa chingwe cha nayiloni chobiriwira. Dzuwa la Okutobala likachiwomba chinkatulutsa fungo la kubutchala, losakanikirana ndi thukuta la ana onse amene anachivalapo. Chinkalemeranso, ndipo ukamathamanga chinkakugunda pachifuwa.

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, Sitandade 6, pa kasukulu kena kolipira ku Likangala. Lamulo la ahedi linali lakuti mkati mwa mpanda tizilankhula Chizungu chokha. Ukaphonyetsa n'kulankhula china, wovala fupa akakumva ankalivula n'kukuveka iweyo, ndiye nawenso uyambe kutchera khutu kwa anzako. Amene belu lomaliza la Lachisanu lamupeza nalo ankagona pa benchi pamaso pa sukulu yonse n'kulandira zikoti zisanu ndi chimodzi. Ahedi sankavutika n'kusaka munthu. Tinkasakana tokha.

Mnzanga wa pa desiki anali Eneless. Tinkagawana chilichonse, zigumu, labala, ngakhale mayankho a masamu. Lolemba lina fupa linali ndi iyeyo kuyambira m'mawa, koma ine ndinalibe nkhawa, poti anali mnzanga. Nthawi ya buleki ndinangoona mayi anga ali pa geti, atanyamula kakontena ka mbatata kamene ndinaiwala. Anatsika nako wapansi kuchokera kumtunda konse kumene tinkakhala, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Kumudzi kwathu ndi ku Songani, ndipo pakhomo tinkalankhula Chiyao. Anandiitana m'Chiyao, ine ndinawayankha m'Chiyao. Nanga mayi ako ungawayankhe Chizungu?

Ndisanalandire n'komwe kakontenako, chingwe chinali chitandigwera kale m'khosi. Eneless sanangondiveka n'kuchoka ayi. Anakweza mawu m'Chizungu chake chopsa bwino, nati zimene ndalankhulazo si Chichewa n'komwe, ndi chilankhulo cha ogulitsa usipa. Ana anafa nazo. Mayi sankamva Chizungu, koma anaona kuti amene akusekedwa ndi iwowo. Anayang'ana fupa, anandiyang'ana ine, anandipatsa kakontena kaja n'kubwerera. Mbatata ija ndinaitaya kuseri kwa chimbudzi, mtima ukuchita kuwira.

Tinkakhala kuboyizikota ya nyumba yakale ya boma, m'mbali mwa msewu wokwera kuphiri. Mayi ankachapa ndi kuphika kwa mzungu wina wophunzitsa ku koleji, a Nuria. Anthu ankati ndi a ku Spain, koma ukawatchula choncho ankakuwongola pomwepo kuti iwo ndi Mkatalani. Masana a tsiku limenelo ndinawapeza pakhonde, maluwa a jakaranda atathothokera mpaka pa masitepe, tiyi atazizira m'kapu. Maso anali ofiira, ali gwa pa foni. Ataona fupa anandifunsa kuti n'chiyani, ndipo ndinawafotokozera zonse.

Anandikhazika pambali pawo n'kundionetsa foni ija. Munali apolisi ovala zakuda atalowa pa sukulu, akukoka anthu pansi, ena azimayi a imvi. A Nuria anati kumeneko n'kwawo. Anthu a chigawo chawo ali ndi chilankhulo chawochawo, ndipo dzulo lake ambiri anapita kukavota kuti akhale dziko paokha, koma boma linakana. Anatinso bambo awo ali mwana ankamenyedwa kusukulu akalankhula Chikatalani, ndipo anakalamba osaiwala dzina la mphunzitsi wawo.

"Wakuchititsa manyazi chifukwa cha chilankhulo cha mayi ako, usamuiwale," anatero m'Chichewa chawo chodukizadukiza. "Ife sitinaiwale."

Ine ndinamva zimene ndinkafuna kumva. Mzungu wophunzira chonchi wandiuza yekha kuti Eneless ndisamusiye.

Sabata yonse fupa ndinalisunga dala. Lachiwiri kamnyamata ka Sitandade 2 kanatukwana mnzake m'Chichewa pafupi ndi ine, ndinayang'ana kumbali. Lachitatu anyamata awiri anakangana pa mpira m'Chilomwe, ndinangodutsa. Anzanga ankati ndapenga. Fupa linandinyula khosi, malaya a yunifolomu anayamba kununkha, koma mwini wake ndinali nditamusankha kale. Vuto linali lakuti Eneless anali wochenjera. Anasamukira desiki ina, ndipo ndikamuyandikira ankatseka pakamwa kuti ndwii. Ndinamuponda phazi pa mzere, anangoti "sole" ngati wolakwa ndi iyeyo. Ndinamuikira chiwala m'chikwama, anangokuwa opanda mawu. Lachinayi madzulo mayi anandiuza kuti ndikavale masiketi awiri mawa, ndiye mtima unandipwetekanso kwambiri.

Eneless anali ndi mlongo wake wamng'ono, Yamikani, wa Sitandade 1. Ana a Sitandade 1 ankaweruka msanga, ndipo Yamikani ankapita yekha kunyumba, kuwoloka msewu wa pa mlatho. Eneless ankamukonda moipa, ankamumangira zingwe za nsapato, kumupukuta mamina ndi diresi lake. Zonsezi ndinkazidziwa chifukwa ndinali mnzake.

Lachisanu kunatentha mpaka malata ankalira. Kutatsala pang'ono kuti belu lilire, ndinapempha kupita kuchimbudzi. Ndinazungulira kalasi kawiri mothamanga kuti ndibwere ndi befu, kenako ndinalowa n'kulunjika pa desiki ya Eneless. Ndinamuuza m'Chizungu chosalala, chimene ndinachiyeserera m'njira monse m'mawa, kuti Yamikani wagundidwa ndi njinga yamoto pa mlatho ndipo sakugwedezeka.

"Mayo ine, Yami wanga, ali kuti, ndiperekezeni," analira choncho m'Chichewa, akugwetsa mabuku.

Kalasi yonse inamva. Ndinamugwira pakhomo n'kumuveka fupa pang'onopang'ono, kulikonza bwino kuti likhale pakati pa chifuwa. Iye sanazindikire n'komwe, ankangondikoka mkono kuti tithamange. Ndiye belu linalira.

Ahedi sanafunse kuti zinayamba bwanji, sankafunsa zimenezo. Pa benchi paja Eneless anali akufunsabe ngati Yamikani ali moyo, ndipo palibe anamuyankha. Ine ndinaima kutsogolo kwenikweni, kuwerenga zikoti chamumtima. Ndisaname, zinandikomera. Chikoti chilichonse ndinkati ichi ncha mayi anga, ichi ncha mapazi awo a fumbi aja. Ndinakwera mtunda wa kwathu ndikuimba, mphepo ya kuphiri ikundiwomba pakhosi popanda chingwe.

Ndinathamangira kukawauza a Nuria, kuyembekeza kuti andigwira chanza. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa kuti ahedi nawo analandira zingati. Ndinaseka, kuona ngati Chichewa chawasokoneza. Iwo sanaseke. Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko, ndipo ine ndinawakwiyira masiku atatu.

Eneless sanandilankhulenso, m'Chizungu kapena m'chilankhulo china chilichonse. Temu itatha makolo ake anamusamutsa. Fupa linapitiriza kuzungulira mpaka ine ndinachoka pa sukulupo.

Ahedi aja adakali moyo. Ndimawaona mumsika wa Zomba akunenerera nsomba m'Chichewa, nthawi zina kuponyamo ndi Chiyao kuti awatsitsire mtengo, ndipo sindiwapatsa moni. Sindinawakhululukire, ndipo sindikuona kuti ndidzatero. Koma mkwiyo umenewu unafika mochedwa, nditaulipiritsa kale mwana wa zaka khumi ndi chimodzi amene ankangoopa benchi ngati ine ndemwe. Masiku amenewo ndikakumbukira anthu a mu foni aja, ndinkadziika pakati pa okokedwa pansi. Pano ndimadziwa kuti Lachisanu lija ndinali mmodzi wa ovala zakuda.