Mbatata Imene Sinadyedwe pa Chinkhoswe Changa

Kwathu ku Bembeke, mpaka lero akamandinena amati, "uja anathawa chinkhoswe chake chifukwa cha mbatata." Anene, pakamwa mpawo. Koma sindinathawe ayi. Ndinatulukira pakhomo, dzuwa likuswa mtengo, anthu akuona, ndipo zitati zichitikenso ndikhoza kutulukanso.

Chaka chimenecho ndinkamaliza digiri yachiwiri ya zaulimi. Zam'kalasi zinali zitatha, kutangotsala kafukufuku, ndipo wanga anali wa matenda ofota a mbatata ya kachewere. Anzanga ankachitira wawo kumunda wa sukulu. Ine ndinapempha kuti ndikachitire kwathu, m'dimba la amayi kumunsi kwa mudzi, poti matendawo ndinakula ndikuwaona komweko akutilanda chakudya. Ndiye ndinabwerera m'kachipinda kanga kakale, mabuku pamphasa, laputopu pampando, ine mtsikana wamkulu woti anzanga onse anali ndi ana awiriawiri.

Ndinkadzuka nkhungu isanachoke. Amene sanagwirepo keni yothirira m'mwezi wa Juni ku Bembeke asandiuze za chisanu. Zala zinkachita kuuma, osatha n'kumasula chingwe chomwe. Dimbalo ndinaligawa timandime, ndinakhoma zikhomo, ndinamanga zingwe, ndipo ndime iliyonse inali ndi kathabwa kake ka nambala. M'ndime zina ndinabzala mbewu imene ndinasankha ndekha kuchokera ku mbatata yathanzi, m'zina mbewu yogula pamsika wa Linthipe monga achitira aliyense. Ikayamba kufota sindinkaizula, ndinkaisiya dala kuti ndione matendawo ayenda bwanji. Pamapeto pake ndime iliyonse inayenera kukumbidwa payokha, itakhwima, n'kuikidwa pasikelo payokha. Munthu akanangokumba msanga kapena kusakaniza, ndiye kuti ntchito yonse yalowa m'madzi. Mwayi wobwereza panalibe, chifukwa sukulu siidikira munthu, komanso chaka chomwecho ndinkakwatiwa n'kusamukira ku Mzuzu kumene bwenzi langa linkagwira ntchito.

Masana ndinkakwera njinga kukatchajitsa laputopu kumsika, kenako n'kukaima pachulu kuseri kwa tchalitchi, pamene netiweki inkagwira, kutumiza zolemba kwa aphunzitsi ondiyang'anira. Mudzi wonse unkandiona ndili pachulupo, foni m'mwamba ngati ndikuitana mvula. Anandipatsa dzina lakuti adokotala a mbatata. Azimayi akamadutsa kudimba ankafuula, "Mwaswera bwanji adokotala? Odwala anu agona bwanji?" Ine ndinkayankha kuti awiri amwalira usiku, maliro ndi mawa, mubwere ndi ufa. Tinkaseka tonse, ndipo zimenezo sizinkandipweteka.

Amayi anga ndi munthu wosalankhulalankhula. Chimwalirireni abambo, nkhani zonse za pabanja pathu ankazigamula ndi malume ndi mayi aakulu, amene ndi akulu awo a amayi, ndipo amayi ankangoti "chabwino" ngakhale pamene sipanali pabwino. Za manambala angawo sanandifunsepo. Koma ankabwera kudzandithandiza kuthirira, ndipo ndinaona chinthu chimodzi: sanadumphepo chingwe changa. Ankazungulira, keni ili m'manja, ngakhale njirayo italike.

Malume ndi ankhoswe akuchimuna anagwirizana kuti chinkhoswe chikhale mu Ogasiti, ukwati wa kutchalitchi ubwere pambuyo. Mbatata yanga inali yoti ikhwima patapita masabata angapo chinkhoswecho chitachitika. Ndinapempha kuti asunthe tsiku. Malume anandiyang'ana ngati ndatukwana. "Mphwanga," anatero, "unamva kuti mkwatibwi amasankha tsiku?"

Kwathu chinkhoswe si cha munthu mmodzi. Nyumba iliyonse ya pambumba imatulutsa chimene ili nacho: uyu nkhuku, uyu nyemba, uyu kabichi, uyu nkhuni. Tsiku logawana zimenezi tinakhala pakhonde la mayi aakulu, ndipo iwo atatha kuloza aliyense ndi chala anangoti, "Mbatata ndiye tisavutike nayo, ili kale kudimba."

"Dimba liti?" ndinafunsa.

"Lilipo lina? Lomwe umathiriralo."

Ndinafotokoza mwaulemu, ndikugwada. Ndinati imeneyo ndi ya sukulu, sinakhwime, ndipo ikakumbidwa digiri yanga yathera pomwepo. Ndinati ndikagula thumba ku Linthipe.

"Ha! Mwamumva?" anatero mayi aakulu, akutembenukira kwa amayi. "Mwana wa ku Bembeke kukagula mbatata yodyetsa apongozi! Ukufuna akuchimuna akanene kuti atenga mabuku okhaokha? Adye ya m'manja mwako, adziwe kuti kuno tinalera mkazi wodziwa khasu. Ndiponso dimbalo ndi la mbumba. Iwe ukupita kuchitengwa, ulisiya pompano."

Apa ndiye ulemu unandithera. Ndinati dimba ndi lanu, inde, koma chisanu chija chinkaluma zala zanga, osati za mbumba. Ndinati mlendo ndi mame, adya n'kupita, ine n'kutsala ndi mizere yopanda kanthu. Malume anandikalipira kuti sukulu yandikuza mutu. Amayi anangoyang'ana pansi. Mawa lake ndinapita ku Linthipe, ndinagula thumba lalikulu, wanjinga ya kabaza n'kudzalitula pakhomo pa mayi aakulu. Sanalikane, sanathokozenso. Ine kupusa kwanga ndinayesa nkhani yatha.

Tsiku la chinkhoswe mkwatibwi sakhala ndi pakamwa. M'mawa ananditsekera m'chipinda cha amayi pamodzi ndi alangizi awiri a kumpingo. Anandiveka diresi lachitenje chofanana ndi malaya a bwenzi langa lija, anandipaka zopakapaka kumaso, uku akundilangiza: ukatuluka uweramitse mutu, usaseke, usayankhe munthu, usadzuke usanauzidwe. Mwambo wake ndi wakuti akuchimuna akafika, amawatulutsira atsikana ofundidwa zitenje kumutu mpaka kumapazi, mmodzimmodzi, kuti mwamunayo aloze wake. Mwini wake amatuluka pomaliza. Kufikira nthawi imeneyo ine ndinayenera kukhala phee pampando. Mayi aakulu ankadziwa bwino zimenezi, ndipo n'zimene anadikira.

Koma anaiwala zenera. Zenera la chipinda cha amayi limayang'ana kudambo. Ndikupakidwa milomo, ndinaona azimayi akutsetsereka ndi kanjira ka kudimba, makasu paphewa, matumba m'manja, patsogolo pali duku lofiira la mayi aakulu.

Abale inu, mtima wanga unachita kuwira. Ndinaimirira. Mlangizi wina anandigwira mkono, "Iwe, ukupita kuti? Alendo ali panjira!" Ndinati ndisiyeni mayi, ndisanakuchimwireni. Ndinatsegula chitseko, ndinadutsa pakati pa ophika, pakati pa mipando ya alendo, wopanda nsapato, mlomo umodzi wofiira wina ayi, diresi nditalikwinyira m'maondo. Wina anakuwa kuti mkwatibwi wathawa. Sindinacheuke.

Ndinapeza khasu limodzi litalowa kale. Mwayi wake anayambira mzere wa m'mphepete, umene sindinkauwerengera. Timbatata tinali pamtunda, tating'ono, khungu likusupuka ndi chala. Ndinalowa pakati pa dimba n'kukhala pansi, m'matope momwemo, ndi diresi lachinkhoswe.

"Kumbani," ndinatero. "Koma muyambire pamene ndakhala ine."

Azimayi aja anatsitsa makasu, wina akubisa kuseka m'chitenje. Mayi aakulu anagwira m'chiuno. "Mwana iwe, wapenga? Thumba lako lija lachepa, anthu achuluka. Ukufuna tiyaluke?"

"Adye nyemba."

"Dzuka!"

"Sindidzuka, mayi. Ngati n'kuyaluka, tiyalukire limodzi."

Kumtunda kunamveka magalimoto, kenako nyimbo ndi nthungululu. Akuchimuna anali atafika. Tinakhala choncho, iwo ali chiimire, ine ndili chikhalire, madzi a m'dimba akundilowa m'diresi. Patapita nthawi malume anatsika akuthamanga, jekete likuuluka, thukuta lili kamukamu ngakhale kunkazizira. Anati atsikana ofundidwa atuluka kale, mwamuna wawakana onse monga mwa mwambo, tsopano anthu akudikira mwini wake ndipo oimba abwereza nyimbo imodzimodzi mpaka mawu asasa.

"Mphwanga, ndikukupempha, usandichititse manyazi pamaso pa ankhoswe anzanga."

Ndinati ndidzuka pokhapokha mayi aakulu alonjeze pamaso pa malume kuti makasu sabwereranso. Ndinkadziwa kuti ndikangofundidwa chitenje chija, iwo atsikanso. Mayi aakulu anati iwo sangalumbire kwa mwana amene anamusambitsa ndi manja awo. Malume anayang'ana uku, anayang'ana uku, n'kuvula chipewa. Kunena zoona, pamenepo ndinali wokonzeka kuti chinkhoswe chife. Mnyamatayo ndinkamukonda, koma ndinati ngati ali wanga adikira, mbatata ndiye siingabwerere m'nthaka.

Ndiye ndinaona amayi akubwera. Sankathamanga. Anali atavala chitenje chatsopano chimene anasunga m'sutikesi chiyambire kumva za chinkhoswechi, ndi nsapato zimene ndinawagulira ku Lilongwe. Atafika m'mphepete mwa dimba anavula nsapatozo, anazigwira m'manja, n'kuzungulira zingwe zanga monga mwa masiku onse mpaka anafika pamene ndinali. Anayala kachiguduli pansi n'kukhala.

"Pita," anatero. "Ndikhala ndine."

Kenako anayang'ana akulu awo m'maso, chinthu chimene sindinawaonepo akuchita. "Achemwali, mwanayu wavutika nayo mbatatayi ine ndikuona. Lero sikumbidwa."

Mayi aakulu anati, "Ndiye ukhala kuno, mwana wako akulandiridwa kumtunda?"

"Ndikhala."

Apa ndi pamene ndinalira, ine amene sindinalire pokangana ponse paja. Ndinati ayi amayi, tiyeni tonse, mukaone nawo. Koma tonse tinkadziwa kuti dimba likangotsala lokha, latha. Amayi anandipukuta kumaso ndi nsonga ya chitenje chawo chatsopanocho. "Ine ndakuona kuyambira tsiku limene unabadwa," anatero. "Pita akakuone enawo."

Ndinakwera mtunda ndi malume. Alangizi anandifunda chitenje mofulumira, akung'ung'udza, osapezanso nthawi yondisambitsa mapazi. Nditatuluka pabwalo, mwamuna wanga uja sanadikire n'komwe kuti andivundukule. Anangoona matope kumapazi n'kuyamba kuseka, akuloza kuti ndi ameneyu. Anthu anaimba nthungululu. Ankhoswe anasinthana nkhuku, akuchimuna anapereka khasu ndi nkhwangwa, akwathu anapereka lichero ndi mthiko. Alendo anadya mbatata ya ku Linthipe, itatha anadya nyemba, ndipo palibe anafa. Ine ndinaweramitsa mutu monga anandilangizira, koma diso langa linali pampando wa kutsogolo umene anaikira amayi. Panakhala chikwama cha munthu wina.

Alendo atayamba kubalalika, dzuwa litapendeka, ndinatenga mbale ya chakudya n'kutsikira kudimba. Ndinapeza amayi atathirira ndime zonse, poti anati sakanangokhala manja lende. Timbatata tokumbidwa tija anali atatisonkhanitsa pambali.

"Zayenda?" anafunsa.

"Zayenda."

"Ndinamva nthungululu. Zinamveka bwino kunoko."

Anadya ali pomwepo, nsapato zatsopano zili pambali pawo.

Mbatata inakhwima pa nthawi yake. Tinakumba ndime imodziimodzi ndi khasu lomwe lija la pachinkhoswe, ine ndikuwerenga sikelo, amayi akugwira thumba. Digiri ndinaitenga. Ukwati unachitika kutchalitchi, ndipo mayi aakulu anavina nawo, ngakhale kuti mpaka ndinanyamuka ulendo wa ku Mzuzu ankandiyankha moni ndi mphuno. Ena amandiuza kuti ndikanapepesa. Ndipepese chiyani? Amene ayenera kupepesa ndi amene anachititsa kuti mayi asankhe pakati pa chinkhoswe cha mwana wake ndi thukuta la mwana wakeyo. Zimenezo zimandipsetsa mtima mpaka lero, ndipo sindinamvepo wina kwathu akuzitchula.

Pabalaza pathu pali chithunzi chachikulu cha tsiku limenelo. Pali ine ndi mwamuna wanga, malume ndi jekete lawo, apongozi anga, ndi mayi aakulu ndi duku lofiira, ataima pambali panga penipeni, akumwetulira. Alendo akabwera amachiyang'ana, n'kuloza duku lofiiralo. "Amayi anu ndi awa?"

Ndimati ayi. Amayi anga anali kudimba, akulondera mbatata yanga.