Tochi ya Pachipumi

Dzulo pamsika wa Fingoe, Khirisimasi ikuyandikira, mwana wanga Zeka anatola tochi yovala pachipumi. "Amayi, ya Natale mundigulire iyi." Ndinamuuza kuti aibweze pomwe waitola.

Achimwene anga Tomasi anali ngati iyeyu, masamu ndi mawaya basi. Atate anawagulira tochi yotereyi kuti aziwerengera, fungo la pulasitiki yakeyo ndimalimvabe. Sabata isanathe anabwera anyamata okumba golide. "Iwe uli ndi tochi, tiye kudzenje!"

Dzenjelo litagumuka achimwene ali momwemo, ndinkawauza amayi, "Musalire, ali ndi tochi, njira aiona." Ndinkawasungira mapilya atsopano, mabatire a tochiyo, kunsi kwa mphasa, mpaka anachita dzimbiri.

Zeka ndamugulira kalkuladora yoyendera dzuwa. Wakwiya, sakundiyankhula. Akwiye, imeneyo pansi pa nthaka siyaka.